Ndikufuna punk ndi rock yatsopano, koma mabandi odziyimira paokhawo ndiwapeza kuti?

Funso: Ineyo rock ndinayamba kuikonda ndili mwana, Nirvana, Green Day, Ramones ndi ena otero. Vuto ndi loti ndikatsegula Spotify olo YouTube zimangondibweretsera nyimbo zomwezomwezo zakale, mpaka anzanga amandinena kuti rock inafa kalekale ndingoisiya. Ndimamva zoti kuli mabandi odziyimira paokha omwe akutulutsabe zatsopano, nde ndiwapeza bwanji? Chinanso, awiri atatu omwe ndinawapeza mwangozi nyimbo zawo zimamveka ngati anajambulira mu galaja, phokoso lokhalokha. Ndi mmene zimayenera kukhalira kapena ndinangogwera anthu osatha kuyimba?

Yankho: Achimwene, anzanuwo auzeni kuti rock sinafe, ndipo punk nde ikutuluka yambirimbiri sabata iliyonse moti munthu mmodzi sangaimalize kumvera olo atasiya ntchito zina zonse. Chomwe chikukuchitikirani ndi choti mukuifunira pamalo pomwe siionekera. Spotify ndi YouTube zimayang'ana zomwe munamvera dzulo, kenako zimayang'ana anthu ena omwe anamvera zomwezo, basi zikupatsani zomwe anthu amenewo amakonda. Nde ngati mumamvera Nirvana tsiku ndi tsiku muzingozungulira pa Pearl Jam ndi Foo Fighters mpaka kalekale. Bandi yomwe yatulutsa kaseti mwezi watha, yomwe anthu oimvera sanakwane ndi 300 omwe, makinawo alibe poigwirira, saidziwa kuti ayiike pafupi ndi ndani. Simungaipeze podikira kuti ikubwerereni yokha.

Nde chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchigwire pa zonse ndinene pano ndi ichi: siyani kusaka nyimbo, yambani kusaka lebulo, kakampani kakang'ono komwe kamatulutsa zimbale za mabandi amenewa. Mu punk lebulo nthawi zambiri ndi munthu mmodzi kapena awiri, makatoni a zimbale ali pansi pa bedi, ndalama ndi za mthumba mwawo. Munthu wotereyu satulutsa bandi yomwe sanaikonde chifukwa ikapanda kugulidwa woluza ndi iyeyo. Ndekuti iyeyo wakumvererani kale ma demo ambirimbiri, nyimbo zomwe mabandi amajambula okha poyesera, nkusankhamo ochepa, ndipo mukapeza lebulo yomwe khutu la mwini wake likufanana ndi lanu mwapeza mabandi 20 olo 50 nthawi imodzi, kuphatikizapo omwe adzatuluke chaka chamawa.

Zimenezi sizinayambe lero. Mu January 1977 a Buzzcocks a ku Manchester anabwereka ndalama pafupifupi mapaundi 500 kwa achibale ndi anzawo, nkutulutsa okha kambale ka nyimbo zinayi pa lebulo yawoyawo ya New Hormones, ndipo achinyamata ambiri ku Britain anaona kuti kani sufunika kudikira kampani yaikulu. Ku Washington DC mu 1980 Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anayambitsa Dischord ndi tindalama tomwe bandi yawo inasunga, makava a mbale ankadula, kupinda ndi kumata ndi manja, ndipo cholinga chawo chinali kusunga nyimbo za mabandi a mumzinda mwawo basi. Nirvana yomwe mumaikondayo chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1989 pa Sub Pop ku Seattle, ndipo kujambula kwake kunadya madola 606 okha. Munthu yemwe ankatsatira Sub Pop nthawi imeneyo anaimva Nirvana zaka ziwiri dziko lonse lisanaidziwe. Njira yake ikadali yomweyo, kungoti pano simufunika kulemba kalata ndi kudikira positi.

Poyambira penipeni ndi Bandcamp, webusaiti yomwe mabandi ndi malebulo amaikapo ndi kugulitsa nyimbo zawo. Ndikuuzeni mmene mungaigwiritsire ntchito chifukwa ambiri amangofika nkumvera nyimbo imodzi nkutuluka. Tsegulani tsamba la chimbale chilichonse, mutsike mmunsi. Pansi pa nyimbozo mupeza timawu ting'onoting'ono tofotokoza kuti anajambula ndani, anasakaniza ndani, kava anajambula ndani, ndipo nthawi zambiri pamalembedwa kuti mbale kapena kaseti yake ikupezeka ku lebulo yakuti. Dzina limenelo ndi lomwe mukufuna. Pansi penipeni pamakhala ma tag, mtundu wa nyimbo ndi mzinda womwe bandiyo ikuchokera, mukadina pa mzindawo mumaona ena onse a komweko. Ndiye cha pafupi ndi kava pamakhala tizithunzi ta anthu omwe anagula chimbalecho. Dinani pa kamodzi, muona zonse zomwe munthu ameneyo anagulapo ndi ndalama zake. Ine pamenepa ndi pomwe ndimapeza zobeba kwambiri, chifukwa munthu woti analipira chimbale chomwe inu mwachikonda sangakusocheretseni kwambiri. Mukapeza lebulo yokusangalatsani dinani follow, muzilandira imelo ikatulutsa chatsopano.

Malebulo oyambira nawo, ngati mukufuna punk yolimba, yothamanga, ya hardcore: Static Shock ndi La Vida Es Un Mus onse a ku London, Iron Lung ya ku Seattle, Sorry State ya ku Raleigh, Toxic State ya ku New York, Convulse ya ku Denver, Triple B ya ku Boston, Flatspot ya ku Baltimore. Ngati mukufuna ya rock and roll yauveuve, yovinika, ya mu galaja ija, pitani kwa Goner ya ku Memphis, Total Punk, ndi Anti Fade ya ku Australia. Yokhala ndi kolasi yoti muziimba nawo ngati ya Green Day, yang'anani Epitaph, Don Giovanni ndi Run For Cover. Musatsegule onse tsiku limodzi, mutopa. Tengani imodzi muikhalire sabata.

Ndiime pang'ono pa La Vida Es Un Mus chifukwa imeneyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Ili ku London koma mabandi ake ndi ochokera kulikonse ndipo ambiri sayimba Chingerezi. Rata Negra a ku Madrid amayimba Chisipanishi, Rixe a ku France Chifalansa, Sial a ku Singapore amakuwa mu Chimalay, Haram a ku New York mu Chiarabu. Mukamvera anayiwa motsatizana mumamva kuti aliyense watenga gitala yomweyo ndi ng'oma zomwezo koma chilankhulo chikusintha mmene mawu akugwera pa biti, Sial amadula mawu afupiafupi ngati akukhoma msomali pomwe Rata Negra amawakoka nkukhala nyimbo yoti mungaiimbe mukuchapa. Anthu amene amati punk yonse imamveka mofanana ndimawatumiza kumeneku.

Mbali ya rock yomwe si hardcore, nkhani yaikulu ya zaka khumi zapitazi yachokera ku Britain ndi Ireland. Ku Brixton, kumwera kwa London, kuli kabala kakang'ono kotchedwa Windmill komwe mabandi ngati Shame, black midi ndi Black Country, New Road anakulira akuyimbira anthu ochepa. Pafupi ndi gulu limeneli pali Dan Carey, wojambula nyimbo yemwe anayambitsa lebulo ya Speedy Wunderground mu 2013 ndi malamulo ake okhwima: nyimbo ijambulidwe tsiku limodzi ithe, ndipo timbale take ta 7 inchi tidindidwe 250 tokha. Maganizo ake ndi oti bandi isakhale ndi nthawi yokonzakonza mpaka moto wa nyimbo uzime. black midi, Squid ndi Black Country, New Road onse anadutsa pamenepo asanatchuke. Kenako pali malebulo ena, Partisan yomwe inanyamula IDLES a ku Bristol ndi Fontaines D.C. a ku Dublin, Domino yomwe ili ndi Wet Leg, ndi City Slang komwe kuli Sprints a ku Dublin ndi Lambrini Girls a ku Brighton. Ambiri mwa amenewa woyimba amakhala ngati akuyankhula kapena kukalipa pamwamba pa besi, osati kuyimba kokoka mawu. Ena zimawakoma pompo, ena zimawatengera nthawi, ndipo kunena zoona mabandi otengera kayimbidwe kameneka anachuluka mpaka ena amangomveka ngati kope la anzawo, nde musadzione olakwa ngati ena sakukugwirani.

Poti mwatchula Ramones, inuyo ndikanakuyambitsani ndi Amyl and the Sniffers a ku Melbourne. Anayamba mu 2016 ali anthu okhala nyumba imodzi, ndipo ka EP kawo koyamba, kambale ka nyimbo zochepa, anakapeka, kujambula ndi kukaika pa intaneti mu maola 12. Amy Taylor akagwira maiki simufunika wina kukufotokozerani kuti punk ndi chiyani. Achiwiri ndi Chubby and the Gang a ku London, omwe chimbale chawo choyamba chinatuluka pa Static Shock mu 2020 kenako Partisan inawatenga, chitsanzo chenicheni cha zomwe ndikunena kuti wotsatira lebulo yaing'ono amamva zinthu msanga. Mbali ya Green Day yesani PUP a ku Toronto ndi The Linda Lindas a ku Los Angeles, atsikana omwe kanema wawo akuyimba mu laibulale anafalikira mu 2021, woimba ng'oma ali ndi zaka 10, kenako Epitaph inawasaina. Mbali ya Nirvana, kofatsa kenako nkuphulika kuja, Mannequin Pussy a ku Philadelphia. Ndipo tsiku lomwe mwakonzeka kudabwa tsegulani Otoboke Beaver a ku Kyoto, azimayi anayi omwe amaima ndi kuyamba pakati pa nyimbo onse pamodzi ngati munthu mmodzi, pa liwiro loti mungaganize kuti kanemayo amuthamangitsa. Amenewa ndi umboni woti punk si ya anthu osatha kuimba zida.

Ndipo poti pali bodza lina loti nyimbozi ndi za azungu okhaokha, mveraninso Soul Glo a ku Philadelphia, Zulu a ku Los Angeles ndi Big Joanie a ku London. Ku Nairobi kuli Crystal Axis, ku Soweto kuli TCIYF omwe anachokera mu gulu la achinyamata osewera skateboard. Mdou Moctar wa ku Niger si wa punk kwenikweni koma gitala yake ndi ya rock yoopsa kuposa ambiri omwe akuimba lero, ndipo nkhani yake ikugwirizana ndi zomwe tikukambazi: nyimbo zake zinkayenda pa mafoni ndi ma memory card mu Sahel, lebulo yaing'ono ya Sahel Sounds inazitola nkuzitulutsa kunja, kenako anadzalowa ku Matador.

Njira ina yomwe anthu amaiiwala ndi maposita a ma shoo. Olo shooyo ikuchitikira mumzinda womwe simudzafikako, positayo ndi yanu. Bandi yomwe mwaikonda ikaika posita pa Instagram, musayang'ane dzina lalikulu pamwamba, yang'anani timaina tating'ono pansi, omwe akutsegulira. Mu punk kawirikawiri bandi imasankha yokha oyenda nawo, nde dzina laling'onolo ndi ngati akukuuzani kuti awa ndi anzathu, amvereni. Chimodzimodzi ndi split, mbale imodzi yomwe mabandi awiri agawana, wina mbali iyi wina mbali inayo. Chimodzimodzinso ndi mndandanda wa othokozedwa mkati mwa kava, komanso ngakhale tisheti yomwe woimba ng'oma wavala pa siteji. Oimba a punk amavala matisheti a mabandi a anzawo dala. Imitsani kanema, werengani dzinalo, lisakeni.

Za makanema, atatu awa akukwanirani poyamba. KEXP ndi wailesi ya ku Seattle yomwe imaitana mabandi kudzaimba laivu mu situdiyo nkuika pa YouTube, mawu ake amamveka bwino kwambiri. Audiotree ya ku Chicago imachita zofanana koma imatenga mabandi ang'onoang'ono ambiri. Ndiye pali hate5six, tchanelo ya Sunny Singh yemwe wakhala akujambula ma shoo a hardcore masauzande, momwe mumaona anthu akudumphirana. Kanema wa laivu ndi wofunika pano kuposa kale pa chifukwa chinanso. Mu 2025 kunatuluka dzina la The Velvet Sundown pa Spotify, looneka ngati bandi ya rock ya anthu anayi, linafika pa omvera opitirira 1 miliyoni pamwezi, kenako zinadziwika kuti nyimbo ndi zithunzi zomwe zinapangidwa ndi AI. Nde mukapeza bandi yatsopano yoti ilibe kanema ndi mmodzi yemwe akuimba pamaso pa anthu, ilibe posita ya shoo, palibe dzina la yemwe anaijambula, chenjerani nayo.

Zowerenga ziliponso. Maximum Rocknroll inayamba ngati pulogalamu ya pa wailesi mu 1977, inakhala magazini mu 1982, inasiya kusindikiza pa pepala mu 2019 koma pa intaneti ikulembabe za zimbale ndi ma demo ochokera mayiko osiyanasiyana. Razorcake ya ku Los Angeles nayo ilipo kuyambira 2001. A Sorry State amatumiza kalata ya pa imelo yofotokoza zomwe zangofika kumene, ndipo amalemba ngati anthu oti amveradi, osati otsatsa malonda. Bandcamp Daily imasankha punk yabwino ya mwezi uliwonse. Dziwaninso kuti kuyambira 2015 zimbale zambiri padziko lonse zimatuluka Lachisanu, ngakhale a punk enieni ambiri satsatira zimenezo, amangoponya demo usiku uliwonse womwe yatha.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la phokoso lija, ndi lomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amabwerera. Yankho ndi loti zonse ziwiri zimachitika. Alipo osatha kuimba, ambiri ndithu, chifukwa khomo la punk ndi lotsegula kwa aliyense ndipo ndi mmene liyenera kukhalira. Koma nthawi zambiri zomwe mukumvazo ndi dala, kapena ndi zotsatira za mmene anajambulira. Nyimbo ya pa wailesi imajambulidwa chida chimodzichimodzi, ng'oma payokha motsatira kamtokoso ka kompyuta kosunga liwiro, gitala payokha mwina kangapo nkusanjikiza, mawu a woimba nkuwongoledwa pomwe aphonya, kenako zonse nkupsinjidwa kuti zimveke mokweza mofanana. Bandi ya punk yopanda ndalama imalowa mu chipinda chimodzi onse, maiki ochepa, nkuimba nyimbo yonse kamodzi kapena kawiri. Maiki ya woimba imatola ng'oma, ya ng'oma imatola gitala, liwiro limakwera pa kolasi chifukwa anthuwo magazi atentha. Ena mpaka lero amajambulira pa kamakina ka kaseti ka njira zinayi, ngati Tascam Portastudio, komwe ukakweza kwambiri tepi imadzaza nkuyamba kuphwanya mawu, ndipo kuphwanyika kumeneko ndi komwe akukufuna. Mawu a woimba amawakwirira dala mkati mwa magitala kuti akhale ngati chida china basi, osati mfumu ya nyimbo.

Nde mungasiyanitse bwanji? Choyamba chotsani nyimboyo pa sipika ya foni. Kasipika ka foni sikatulutsa besi, ndipo mu punk yambiri besi ndi yomwe imanyamula nyimbo pomwe gitala ikungopanga mkokomo, nde mukachotsa besi mwatsala ndi phokoso lokhalokha lomwe mukudandaulalo. Valani mahedifoni olo otchipa. Ulendo woyamba musamvere woimba, tsatirani ng'oma yokha: kodi akamenya sineya ikugwa pamalo pomwepo nthawi zonse, akamazungulira ng'oma zonse kumapeto kwa mzere akubwerera pa nthawi yake? Ulendo wachiwiri tsatirani besi, muone ngati ikuyenda limodzi ndi ng'oma ya phazi. Samalani kwambiri pomwe bandi yonse imaima mwadzidzidzi nkuyambanso. Bandi yodziwa imaima ngati mwadula magetsi, zii, kenako onse nkugwera limodzi. Yosadziwa mumamva wina watsalira, kachingwe ka gitala kakulirabe, woimba ng'oma walowa mochedwa. Ulendo wachitatu dzifunseni ngati pali kena kake komwe katsala mmutu, ka riff, kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza, kapena mzere woti mungaung'ung'udze. Nyimbo zambiri za hardcore sizikwana ndi mphindi ziwiri zomwe, nde kumvera katatu sikukudyerani nthawi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mwamvera katatu pa mahedifoni ndipo palibe chakugwirani, isiyeni, pitani pa ina, simunalakwire aliyense.

Ma tag aja akuthandizaninso kudziwa phokoso lomwe mukulowamo musanadine. Mukaona d-beat dziwani kuti ndi ana a Discharge, bandi ya ku England ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ng'oma yothamanga ngati hatchi ndipo magitala ndi mkokomo weniweni, pamenepo musayembekezere zoyera. Raw punk ndi noise punk nde ndi dala kwambiri, amafuna zimveke ngati sipika yang'ambika. Egg punk ndi ina, yothamanga koma yopepuka, yoseketsa, kawirikawiri ya kiyibodi yotchipa ndi ng'oma za makina, yotengera bandi yakale ya Devo, monga Snõõper a ku Nashville, Gee Tee a ku Australia ndi Prison Affair a ku Barcelona. Oi ndi ya makolasi oimba gulu lonse, monga The Chisel a ku London ndi Rixe aja. Power pop ndi garage ndi zomwe zili pafupi ndi khutu la munthu wa Ramones. Inuyo yambani ndi ziwiri zomalizazi, d-beat idzakupezani yokha pakapita miyezi.

Pa nkhani yoti bandi ndi yodziyimira payokha kapena ayi, apa pamavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Makampani akuluakulu a nyimbo padziko ndi atatu, Universal, Sony ndi Warner, ndipo ali ndi timalebulo tambiri ta maina ooneka ngati ang'onoang'ono. Turnstile a ku Baltimore, omwe mwina ndi bandi ya hardcore yotchuka kwambiri panopa, anakulira mmalebulo ang'onoang'ono koma zimbale zawo zaposachedwa zili pa Roadrunner, yomwe ndi ya Warner. Sub Pop yomwe ija inagulitsa magawo 49 pa 100 kwa Warner chapakati pa zaka za m'ma 1990. Malebulo ambiri odziyimiradi paokha amadalirabe makampani ofalitsa ngati The Orchard, ya Sony, kuti nyimbo zawo zifike mmasitolo. Mbali inayo, Epitaph ya Brett Gurewitz wa Bad Religion ndi yodziyimira payokha koma chimbale chimodzi cha The Offspring chomwe inatulutsa mu 1994 chinadzagulidwa makope opitirira 10 miliyoni, nde kudziyimira pawekha sikutanthauza kuchepa. Kale nkhaniyi inkadula maubale. Green Day atachoka ku lebulo yodziyimira payokha ya Lookout kupita ku Reprise ya Warner, holo ya 924 Gilman ku Berkeley komwe anakulira inawatsekera khomo, chifukwa lamulo la pamalopo linali loti mabandi a makampani akuluakulu saimbapo.

Maganizo anga ndi oti musataye nthawi kuweruza oimba pa zimenezi. Munthu yemwe wagona mu minibasi ya bandi zaka khumi ali ndi ufulu wofuna kulipira lendi. Mafunso omwe ali ndi phindu ndi awiri: nyimbozo mwini wake ndi ndani, ndipo ndalama yanga ikafika kwa ndani? Dischord yakhala zaka zonsezi ikugwira ntchito ndi mabandi popanda makontirakiti, kungogwirizana pakamwa nkugawana phindu, ndipo a Fugazi, bandi ina ya Ian MacKaye uja, ankayesetsa kuti polowa pa shoo yawo pakhale madola 5 okha, ana omwe azilowa. Si onse angathe zimenezo, koma ndi muyeso womwe ine ndimayezera ena.

Za ndalamazi ndizitsindike chifukwa zimandikhudza. Kuyambira 2024 Spotify siilipira kalikonse pa nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12. Ganizirani demo ya bandi yomwe ili ndi otsatira 200, ndekuti mungaimvere tsiku lililonse koma iwo osaona olo kakobidi. Pa Bandcamp kampaniyo imatenga 15 pa 100 pa nyimbo zodawuniloda ndi 10 pa 100 pa katundu ngati makaseti ndi matisheti, kuphatikiza kandalama ka otumiza ndalama, zotsalazo ndi za bandi kapena lebulo. Kuyambira March 2020 kumakhalanso masiku a Bandcamp Friday pomwe kampaniyo siitenga gawo lake nkomwe. Bandcamp nayo si ya angelo, inagulitsidwa kwa Epic Games mu 2022 kenako kwa Songtradr mu 2023 ndipo antchito ambiri anachotsedwa, koma pakadali pano ikadali njira yachidule yofikitsira ndalama mmanja mwa oimba. Mabandi ambiri a punk amaika nyimbo zawo pa mtengo woti mutchule nokha, olo ziro amalola, ndipo amatero ndi mtima umodzi, nde ngati mulibe tengani osachita manyazi. Tsiku lomwe muli nako kangachepe bwererani mukalipire chimodzi chomwe mwachimvera kwambiri. Ndipo ngati njira yolipirira pa intaneti ikukuvutani, tumizani linki kwa anzanu aja akuti rock inafa, lembani ndemanga pansi pa kanema, kapena alembereni oimbawo uthenga, ambiri amayankha okha chifukwa alibe manijala.

Chomaliza choti mukonzekere ndi choti mabandi amenewa sakhalitsa. Mupeza bandi yakugwirani mtima, demo imodzi ndi kambale kamodzi, mukafufuza mupeza inatha chaka chatha. Zimawawa koma anthu ake sanapite kulikonse, mu mizinda yambiri anthu 30 omwewo ndi amene ali mmabandi 15, woimba besi kuno ndi woimba ng'oma uko. Lowani pa Discogs, webusaiti yosunga mndandanda wa zimbale ndi oimba ake, lembani dzina la bandi yathayo, muona maina a mamembala, dinani pa lililonse muona magulu ena onse omwe munthuyo alimo. Chubby and the Gang aja anapangidwa ndi anthu omwe anali kale mmabandi a hardcore a ku London ngati Violent Reaction ndi Arms Race, ndipo woimba wawo Charlie Manning Walker anaimbaponso gitala mu The Chisel, nde kuchokera pa dzina limodzi limenelo muli kale ndi mabandi anayi oti muyambe nawo usiku uno.